Chikomekome cha Mkuyu: Chakudya Cholowa m'Dziko Chiyambe Chayesedwa

Pa msonkhano wa nthambi ya Chipani umene udachitika ku Chinguluwe, m'boma la Salima, masiku apitawa, nkhani zimene zidakonzedwa zidali za msika wa thonje ndi za msewu. Koma a pampando atatsala pang'ono kutseka msonkhanowo, mai wina wachikulire adaimirira, naomba m'manja mwaulemu, nati: "Pepani a Pampando, ndifunseko kamodzi. Nthochi tikugula pamsikazi akuti zachokera ku Tanzania, ufa wa m'mapaketi akuti ndi wa ku Zambia, maapulo a m'sitolo akuti ndi a ku Joni. Thonje lathu pogula amalitembenuza uku ndi uku, napatula loyera ndi lakuda. Nanga izi tikudyetsa adzukuluzi, adaziyang'ana ndani?"

Bwalo lonse lidakhala chete, pakuti padalibe amene akadayankha motsimikiza. A pampando adalonjeza kuti mau a maiwo apita nawo kwa akuluakulu. Ife taona kuti nkoyenera kuwaika pa tsamba lino, kuti awerengedwe ndi nduna, aphungu, akuluakulu a m'maofesi ndiponso wamalonda aliyense. Maganizo athu ndi awa: sikelo imene maiko ena amayesera zokolola za Malawi ndiyo iyenera kuyesa chakudya chirichonse cholowa m'dziko muno, ndipo ntchito yolondera imeneyi iyenera kuyambira pachipata cha m'malire mpaka kukafika pa benchi ya msika wa kumudzi.

Anthu a ku Chinguluwe sakufunsa funsoli mwaumbuli, popeza mankhwala ophera tizirombo amawadziwa kuyambira kale. Chitukuko cha m'mbali mwa nyanja m'Chigawo cha Pakati chitayamba mu 1968 ndi thandizo la dziko la West Germany, Chinguluwe adasanduka sikimu ya alimi a thonje, ndipo achinyamata ophunzitsidwa ndi a Payoniya adapatsidwa minda kumeneko. Thonje silicha popanda kupopera. Alangizi a masiku amenewo ankaphunzitsa kusinthanitsa mankhwala a Sevin ndi DDT polimbana ndi mbozi zoboola nthenje za thonje, ndipo ena a ife tidakula tikutungira madzi atate athu pamene iwo adali ndi mpope kumsana. Zokolola zidachuluka, nyumba za malata zidamangidwa, ana adapita ku sukulu. Palibe amene angakane kuti mankhwala aja adagwira ntchito.

Komatu DDT yemweyo, amene tinkamutama, adadzapezeka kuti satha msanga m'nthaka ndi m'madzi. Amalowa m'nsomba, nakhazikika m'mafuta a thupi la munthu, mpaka kupezeka mu mkaka wa m'mawere. Dziko la Amereka lidaletsa kumugwiritsa ntchito pa ulimi mu 1972, ndipo pangano la ku Stockholm la 2001, limene Malawi adalowamo, lidangomusiyira ntchito yolimbana ndi tizirombo tofalitsa matenda monga udzudzu wa malungo. Alimi athu sadalakwe, pakuti adatsata zimene zinkadziwika pa nthawiyo. Phunziro limene tidatolapo ndi lakuti chiphe cha mtundu umenewu sichioneka ndi maso, sichinunkha m'ndiwo, ndipo kuipa kwake kumatha kudziwika patapita zaka zambiri.

Tsono tifotokoze chimene chimayesedwa, kuti owerenga asaganize kuti ndi nkhani ya anthu ophunzira okha. Mlimi akapopera matimati kapena kabichi, mankhwala samachoka tsiku lomwelo. Dzuwa, mvula ndi mbewu yomweyo zimawaphwanya pang'onopang'ono, ndipo nchifukwa chake pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira munthu asadakolole. Wokolola masikuwo asadakwane amatengera kumsika zotsalira za mankhwala zochuluka kuposa mlingo. Mlingo umenewu umawerengedwa m'mamiligalamu pa kilogalamu imodzi ya chakudya, ndipo maiko amagwirizana za milingoyi m'bungwe la Codex Alimentarius, limene lidakhazikitsidwa mu 1963 ndi mabungwe a FAO ndi WHO. Mai wogula pamsika alibe njira yoyesera zimenezi. Iye amangoona kuti matimati ngofiira bwino, opanda banga, osadziwa kuti nthawi zina kusalala komweko ndiko chizindikiro chakuti adapopera dzana. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taonani m'mene anzathu a kunja amatetezera mbale zao. Maiko a m'bungwe la European Union adalamula kuti mankhwala alionse amene sadawaikire mlingo wakewake asapitirire 0.01 ya miligalamu pa kilogalamu, ndiye kuti galamu imodzi yokha m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Pa chiphe cha chuku, chimene akatswiri amachitcha aflatoxin, mtedza woti anthu adye suloledwa kupitirira magawo 4 pa biliyoni, kufanana ndi magalamu 4 m'matumba 20,000. Amene adaona zaka za m'ma 1970 akukumbukira m'mene mtedza wathu wa Chalimbana unkafunidwira ku Ulaya. Msika umenewo udafota, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zakhala zikutitsekera khomo pofuna kubwererako ndi chuku chomwechi. Tiyi, fodya, makademiya ndi mango a kuno ku Salima, zonsezi zimatuluka m'dziko ndi zikalata, ndipo zikafika kumeneko zikhoza kuyesedwanso, kubwezedwa kapena kutayidwa.

Ife sitikudandaula nazo zimenezi. Boma lirilonse lodziwa udindo wake limayang'anira zimene anthu ake akudya, ndipo amene amatibwezera katundu woipa akutiphunzitsa kulima mosamala. Chimene tikukana ndi chakuti pakhale masikelo awiri, ina yolimba yoyesera zotuluka, ina yolekerera yoyesera zolowa. Mwana wa ku Chinguluwe ali ndi chiwindi chimodzi monga mwana wa ku London kapena ku Berlin. Dziko limene limasankha mtedza wabwino nkuutumiza kunja, lokha nkumalandira chirichonse chimene ena achikana, ladzichepsa lokha pamaso pa anzake.

Ena adzati tikuopseza anthu ndi zinthu zimene sizidachitikepo. Tiwakumbutse za dziko la Iraq. Kumapeto kwa 1971 boma la kumeneko lidaitanitsa tirigu ndi barele wa mbewu kuchokera ku Mexico ndi ku Amereka. Mbewuyo idali yothiridwa mankhwala a mercury oteteza ku matenda, ndipo idapakidwa utoto wofiirira ngati chenjezo. Koma idafika mochedwa, m'madera ena nyengo yobzala itapita, ndipo mau ochenjeza pa matumba adalembedwa m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi, zilankhulo zimene alimi a kumidzi sankazidziwa. Anthu adatsuka mbewuyo, utoto udachoka, iwo nkuyesa kuti chiphe chachokanso. Ena adayamba adyetsa nkhuku, ndipo poona kuti sizidafe msanga adagaya napanga buledi. Patapita masabata angapo anthu adayamba kuchita dzanzi, kudzandira ndi kuchita khungu. Ogonekedwa m'zipatala adakwana 6,530, ndipo 459 adafera m'zipatalamo.

Nkhani imeneyi isationekere kutali. Mbewu ya chimanga imene timagula m'masitolo nayonso imakhala yopakidwa utoto pa chifukwa chomwecho, ndipo tonse tikudziwa maganizo amene amabwera m'nyumba mwezi wa Febuluwale nkhokwe ikakhala pululu. Mankhwala a mercury adaletsedwa pa mbewu, koma amene adalowa m'malo mwake sali ndiwo. Mbewu yopaka utoto ndi ya m'nthaka basi. Kuitsuka sikuisandutsa chakudya. Ndipo chenjezo limene mwini mudzi sangathe kuliwerenga liri ngati belu loimbidwa m'madzi.

Tibwere kufupi. M'zaka za 2017 ndi 2018 matenda a listeriosis adagwira anthu oposa 1,000 ku South Africa, napha oposa 200, ambiri mwa iwo makanda. Gwero lake lidapezeka mu Malichi 2018 kuti lidali poloni wa pa fakitale ina ya ku Polokwane, ndipo Malawi pamodzi ndi maiko ena adalamula kuti nyama za mtundu umenewo zichotsedwe m'masitolo. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo ya ku Zambia, a Elijah Muchima, idalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga cha chuku, ndipo poyesa ufa wa m'zigayo zikuluzikulu, pafupifupi theka la zitsanzo 25 lidapezeka ndi chiphecho mopitirira mlingo. Kuti chuku chimapha ndi anthu omwe zidaoneka ku Kenya mu 2004, kumene anthu 125 adamwalira atadya chimanga choipa. Kuchokera ku Chipata kufika pa Mchinji ndi ulendo wa panjinga, ndipo thumba la ufa silifunsa pasipoti.

Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi adamwalira ku Naledi, mu Soweto, ndipo madokotala adapeza m'matupi mwao mankhwala a terbufos, oyenera kuthiridwa m'munda koma ogulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe. Boma la South Africa lidavomereza zowaletsa mu Juni 2025. Abale athu ambiri ali ku Joni, ndipo mabasi odzaza katundu amalowa pa Mwanza ndi pa Dedza sabata ndi sabata. Kuno kwathu tiri ndi mbale wake wa terbufos, amene aliyense amamudziwa ndi dzina lakuti tameki. Amagulitsidwa m'timapepala topanda dzina, nthawi zina pa mphasa yomweyo pamene pali mchere ndi soda.

Cholowa osayesedwa chimabweretsanso tizirombo, ndipo tizirombo timaitana mankhwala ena. Nankafumbwe wamkulu, woboola chimanga chapachitsononkho, makaka a chinangwa ngakhale mitengo ya nkhokwe, kwao ndi ku Mexico ndi maiko a pakati pa Amereka. Adaoneka ku Tabora, m'dziko la Tanzania, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1991 adapezeka ku Karonga. Akiteliki amene tidazolowera sankamugwetsa bwino, motero padafunika wosakaniza ndi mankhwala achiwiri. Kuyambira pamenepo banja lirilonse limalipira msonkho kwa kachirombo kameneka chaka ndi chaka. Chisaka cha nthochi nacho chidayamba kuoneka kwa anansi athu a ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, chidafalikira ndi mphukira zonyamulidwa uku ndi uku, nichitha minda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay. Ndicho chifukwa chake mai wa ku Chinguluwe uja akugula nthochi za ku Tanzania, m'dziko limene kale nthochi zinkapsera m'munda.

Tsopano timve mau a otsutsa, pakuti ali ndi mfundo ziwiri zoyenera kuyankhidwa. Yoyamba ndi ya njala. Iwo akuti wanjala sasankha, ndipo dziko lopempha chimanga lisamachite matama pachipata. Zoona, takhala tikuitanitsa chakudya. Mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itapsereza minda, maboma 23 mwa 28 adalengezedwa kuti ali pa ngozi, ndipo kumapeto kwa 2025 Boma lidagwirizana ndi dziko la Zambia zogula chimanga chokwana matani 200,000. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti magalimoto amenewo abwezedwe ana akulira. Koma mbiri yathu yomwe ikuonetsa kuti njala sichotsa ufulu wofunsa. Pa njala ya 2002, pamene chimanga cha thandizo chidali cha mbewu yosinthidwa chibadwa, Zambia adachikana, pamene Malawi adachilandira naika lamulo lakuti chigayidwe kuti chisabzalidwe. Mu Disembala 2023 Unduna wa za Malimidwe udaletsa chimanga chosagaya chochokera ku Tanzania ndi ku Kenya poopa matenda oumitsa chimanga a maize lethal necrosis, ndipo othandiza adayamba kuchigaya chisadalowe. Anthu adadya, minda idatetezeka.

Tinene poyera kuti nthawi ya njala ndiyo imafuna mlonda wogalamuka kuposa nthawi ina iriyonse. Wamalonda wosaongoka amadziwa kuti chaka cha njala ndicho chotulutsira chimanga chimene chidavumbwa ndi mvula, kapena chothiridwa mankhwala kawiri kuti anankafumbwe asaoneke. Amadziwanso kuti wodya chimanga chimenecho ndi mwana wowonda kale, amene thupi lake liribe mphamvu yolimbana ndi chiphe. Wolemera akhoza kusankha sitolo. Wosauka amadya chimene chafika. Motero kuyesa chakudya pachipata ndi chitetezo cha amphawi poyamba.

Mfundo yachiwiri ndi ya ubale ndi anansi athu. Akuti tikalimbitsa chipata, iwonso atitsekera chao. Apa tiri ndi phunziro laposachedwa. Mu Malichi 2025 Unduna wa za Malonda udaletsa kuitanitsa zinthu zingapo monga ufa, mpunga, zipatso ndi ndiwo zamasamba, pofuna kuteteza alimi ndi ndalama zakunja. Mu Epulo chaka chomwecho nduna ya zaulimi ya ku Tanzania ya nthawiyo, a Hussein Bashe, idabwezera potseka zokolola za Malawi, niopseza kutsekereza ndi feteleza wathu wodzera pa doko la Dar es Salaam. Amai ochita malonda pa Songwe ndi ku Karonga ndiwo adayamba kumva kuwawa. Patangopita masiku owerengeka chiletso cha Tanzania chidachotsedwa, ndipo nduna za maiko awiriwa zidakumana ku Dodoma nkuthetsa mkanganowo.

Chimene tikuphunzirapo ndi chakuti kutseka chipata ndi kuyesa pachipata ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ukauza mnansi kuti nthochi zake zonse zisalowe, amakwiya, ndipo ali ndi pobwezera. Ukamuuza kuti thumba irili tayesa, tapezamo chiphe chakutichakuti mopitirira mlingo umene tonse tidagwirizana, chikalata chake ndi ichi, alibe ponena, pakuti iyenso amachita chimodzimodzi ndi katundu wathu. Malamulo a bungwe la malonda a dziko lonse la WTO, limene Malawi adalowamo mu 1995, amalola dziko kukana chakudya choopsa pa umoyo wa anthu, ziweto ndi mbewu, malinga ngati likutero ndi umboni wa akatswiri ndiponso mosakondera. A ku Tanzania, Zambia ndi Mozambique ndi abale athu, ena a chilankhulo chimodzi ndi ife, ndipo mlimi woona mtima wa ku Mbeya kapena ku Angonia sataya kanthu ndi kuyesako. Wotaya ndi wachinyengo yekha.

Malamulo tiri nawo. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo lamulo lake lidakonzedwanso mu 2012. Lamulo la mankhwala ophera tizirombo la 2000, lokonzedwanso mu 2018, lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene ntchito yake ndi kulembetsa mankhwala ndi kupereka zilolezo kwa oitanitsa ndi ogulitsa. Alipo oyang'anira umoyo wa mbewu, alipo a zaziweto, alipo a zaumoyo a m'makhonsolo, alipo a msonkho. Vuto ndi lakuti manja ndi ambiri koma zipangizo ndi zochepa, ndipo zambiri ziri m'mizinda. Matimati sangadikire pa Songwe kuti chitsanzo chipite ku Blantyre nkubwera. Kuonjezera apo, malire athu ndi ataliatali, njira zozemba ndi zosawerengeka, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kuti bwato lochokera kutsidya silisowa pokocheza.

Komabe sitinganene kuti nzosatheka, popeza pa mchere tidatha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 lamulo lidafuna kuti mchere ukhale ndi ayodini, ndipo kabotolo kakang'ono kodonthezera, kamene kamasintha mtundu wa mchere, kadafika m'manja mwa ogwira ntchito m'malire ndi m'misika. Lero kuli timapepala toyesera chuku totulutsa yankho tsiku lomwelo, ndiponso timakina toyesera chinyontho, todziwitsa ngati chimanga chauma kufika pa 13 pa 100, pamene chimasungika bwino. Motero tikupempha Boma lathu, limene anthu adalisankha kuti liwasamale, kuti lichite zinthu zinai.

Choyamba, zipata za Songwe, Mchinji, Dedza, Mwanza, Muloza ndi Chiponde, pamodzi ndi madoko a nyanja monga Chipoka ndi Nkhata Bay, zikhale ndi zipangizo zoyesera mwamsanga ndi anthu ophunzitsidwa kuzigwiritsa ntchito, ndipo zitsanzo zovuta za Chigawo cha Pakati ziziyesedwa m'chigawo momwemo. Ku Chitedze akatswiri akhala akuyesa chuku mu mtedza kwa zaka zambiri. Maziko alipo kale. Chachiwiri, chimanga chirichonse chogulidwa ndi Boma kapena choperekedwa ngati thandizo chizibwera ndi chikalata chonena mankhwala amene chidathiridwa ndi tsiku lake, ndipo chiziyesedwanso chisadagawidwe. Mphatso siichita manyazi ndi kuyesedwa. Chachitatu, botolo kapena paketi ya mankhwala yopanda dzina la mwini, nambala ya kaundula ndi malangizo a m'Chichewa isapezeke pamsika ulionse. Chachinai, zotsatira za kuyesako zizilengezedwa pa wailesi ndi m'nyuzipepala m'zilankhulo zathu, kuti anthu adziwe chimene chakanidwa ndi chifukwa chake. Chobwezedwa pachipata masana chisalowe usiku ndi njira ya kuseri.

Tikanena za akunja tisaiwale kusesa pakhomo pathu, pakuti sikelo imodzi imene tikuipemphayi idzatiyesa ndi ife tomwe. Ku Chinguluwe ndi m'madera ena a thonje mankhwala a thonje amafika ndi nyengo, ndipo otsala amathera pa matimati, pa mpiru ndi pa kabichi wa kudimba. Alipo amene amapopera madzulo nkuthyola m'mawa kuti ndiwo zikawale pamsika. Alipo amene amawaza mankhwala pa usipa ndi utaka wouma kuti ntchentche ndi tizirombo zisayandikire. Alipo amene amaponya mapiritsi otulutsa mpweya wa chiphe m'matumba a chimanga, m'chipinda chomwecho mogona ana, pamene mapiritsi amenewo ndi a akatswiri a m'nkhokwe zikuluzikulu. Mpope umatsukidwa pamtsinje, ndipo botolo lotha limasanduka losungira mafuta ophikira. Zonse zotsukidwa m'mitsinje ya Lilongwe ndi Linthipe zimatsikira m'nyanja yathu, ndipo zimabwerera pa mbale yathu m'thupi la chambo.

Amene amachita zimenezi si afiti. Ambiri ndi anthu osauka, oopa kuti mbewu kapena nsomba zao zingaonongeke asadagulitse. Koma umphawi susintha mphamvu ya chiphe. Njira zina ziripo: matumba osalowa mpweya amasunga chimanga popanda mankhwala, nsomba zimauma bwino pa thandala lokwera, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'dera la Chinguluwe kapena akatswiri a pa Chitala akhoza kuuza mlimi mankhwala oyenera ndiwo ndi masiku odikira. Kufunsa kulibe mtengo. Safunsa adadya phula, koma pa nkhani iyi wodya phulayo ndi mwana wa mnzako amene adagula ndiwo zako mokukhulupirira.

Kwa atsogoleri a Chipani m'nthambi, m'madera ndi m'maboma, mau athu ndi awa. Nkhani ya chakudya chabwino iikidwe pa misonkhano yanu, ndipo muziitana alangizi ndi a zaumoyo kuti adzalankhule. Amai a Chipani, amene ndiwo ogula ndi ophika, akhale maso athu m'misika. Achinyamata athandize okalamba kuwerenga zolembedwa pa mabotolo ndi masiku othera ntchito pa mapaketi. Mukaona zokaikitsa, kauzeni a zaumoyo, a khonsolo, mfumu kapena apolisi. Tikuchenjeza kuti pasapezeke munthu wolanda katundu wa wamalonda, woopseza mlendo kapena wodzisandutsa woweruza m'dzina la Chipani, pakuti kuteroko nkuswa mwambo ndi lamulo lomwe. Tikuchenjezanso mbali inayi: wamalonda amene akuganiza kuti nsalu ya Chipani kapena ubwenzi ndi bwana wakutiwakuti udzaolotsa thumba loipa pachipata adziwe kuti akudetsa dzina la anthu onse amene adavotera Boma ili. Ndipo wogwira ntchito m'malire amene adinda chikalata asadatsegule thumba, chifukwa cha kangachepe ka m'manja, akumbukire kuti galimoto imeneyo ikhoza kukatsitsa katundu kumudzi kwao.

Nkhanga zidapangana kusadapse. Iraq, Kenya ndi South Africa adalimbitsa malamulo ao atakumba kale manda. Ife tapatsidwa mwai wophunzira pa misozi ya ena. Dziko la alimi, limene chuma chake chiri m'nthaka, cholinga chake chachikulu chikhale kudzidyetsa lokha, kuti tsiku lina nthochi za pamsika wa Chinguluwe zidzachokerenso ku Nkhotakota ndi ku Thyolo. Kufikira tsiku limenelo tidzagula kwa anansi, ndipo tidzagula mwaulemu ndi mwaubale, koma titayesa.

Mai uja adafunsa kuti, adaziyang'ana ndani? Msonkhano wa nthambi udzakumananso mwezi wa mawa, ndipo iye adzakhala pa mphasa yake kutsogolo. Tikufuna kuti a pampando akadzaimirira adzathe kutchula ofesi imene idayesa, chipata chimene padayesedwera ndi chimene chidapezeka. Yankho limenelo liri m'manja mwa nduna, aphungu ndi akuluakulu a mabungwe amene tawatchula pa tsamba lino, ndipo anthu a ku Chinguluwe akudikira.